Mcere, Phula ndi Mpweya: Kaphunzitsidwe ka Makhalidwe a Zinthu

Mwa maphunziro onse a sayansi amene mphunzitsi watsopano apatsidwa kuti akaphunzitse ku sukulu ya pulaimale, palibe lina looneka lapafupi ngati phunziro la makhalidwe a zinthu. Buku linena kuti zinthu zipezeka m'magulu atatu: zolimba, zamadzimadzi ndi mipweya. Mphunzitsi alemba mau atatuwa pa bolodi, ana nawabwereza mopfuula kufikira alowa m'mutu, ndipo belu likalira ali yense atuluka wokondwa. Koma wina akatenga mwana mmodzi wa m'kalasi lomwelo ndi kumfunsa kuti, "Kodi mcere umene amai ako anathira m'ndiwo dzulo unapita kuti?" kawiri kawiri mwanayo angoyang'ana pansi, kapena ayankha kuti unatha. Akamuonetsanso botolo lopanda madzi ndi kumfunsa cimene ciri m'katimo, ayankha msanga kuti mulibe kanthu, ngakhale kuti m'mawa momwemo anapfuula pamodzi ndi anzace kuti mpweya uli ponse ponse.

Mwana wotere alibe mlandu. Iye wasunga nzeru ziwiri zosakomana: ina ya m'kope, yoyankhira mayeso, ndi ina ya kumudzi, imene aidalira tsiku ndi tsiku. Nchito ya mphunzitsi ndiyo kukomanitsa nzeru ziwirizi, ndipo izo sizikomana pa bolodi iai. Zikomana pamene mwana agwira cinthu ndi manja ace, naciyesa, nanena m'cinenero cace cimene waona. Koma cinenero naco ciri ndi misampha yace, pakuti mau ena a Cicewa asenza matanthauzo awiri amene sayansi iwalekanitsa. Cifukwa cace wophunzira uphunzitsi ayenera kukonzekera zinthu ziwiri pamodzi: zimene ana adzagwira, ndi mau amene adzanenera.

CIYAMBI CA NJIRA IMENEYI

Kuphunzitsa sayansi ndi manja si cinthu ca dzulo dzuloli. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Henry Armstrong, mphunzitsi wa kemisitiri mu mzinda wa London, analimbikira kunena kuti mwana aikidwe pa malo a munthu wofufuza, kuti apeze yekha cimene akadangouzidwa. Pambuyo pace Jean Piaget wa ku Geneva anaonetsa cifukwa cace kuuza kokha sikukwanira. Iye ankaika pamaso pa ana mibulu iwiri ya dongo yofanana, ndipo ana atabvomera kuti njofanana, ankaumba umodzi kuti ukhale wautali ngati cinangwa. Ana ambiri osafika zaka 7 ankanena kuti tsopano dongo laculuka, popeza latalika. Ndipo ena okulirapo, amene anabvomera kuti dongo ndi lomwe lija, ankakanabe kuti kulemera kwace nkomwe kuja. Cimene munthu wamkulu aciyesa cosafunika ngakhale kucinena, mwana afika pocidziwa pang'ono pang'ono, mwa kugwira ndi kuyesa.

Kuno ku Africa njirayi inalimbikitsidwa m'zaka za m'ma 1960. Msonkhano wa ku Kano m'dziko la Nigeria, m'caka ca 1965, unayambitsa nchito yochedwa African Primary Science Program, imene inatsegula malo okonzerako maphunziro a sayansi m'maiko angapo. M'Malawi malowo anali ku Domasi, kumene sukulu ya Jeanes inayamba kuphunzitsa aphunzitsi m'caka ca 1929. Cimene anthu a nchito imeneyi anaumirira ndico cakuti zipangizo zicokere pomwe pali sukulupo: zibekete, mabotolo, nsungwi, mbeu ndi mcenga. Langizoli linakula mphamvu kuyambira m'caka ca 1994, pamene sukulu za pulaimale zinakhala zaulere, ndipo ciwerengero ca ana cinakwera kucokera pafupi fupi mamiliyoni 2 kufika pafupi fupi mamiliyoni 3 m'caka cimodzi. Mphunzitsi amene ayembekeza kuti adzayamba sayansi ya manja tsiku limene sukulu yace idzalandira mabokosi a magalasi, adzafika popuma nchito asanayambe.

KUSANKHA ZINTHU M'MAGULU

Phunziro loyamba lisayambe ndi maina a magulu atatu aja. Liyambe ndi mulu wa zinthu zimene ana abwera nazo okha: mwala, msomali, thonje, tsamba, dongo, ufa, mcenga, madzi, mafuta ophikira, uci ngati upezeka, ndi botolo looneka lopanda kanthu. Ana aziika m'magulu monga afuna, koma gulu liri lonse linene cifukwa cace. Ena adzasankha potsata mtundu, ena potsata zodyedwa ndi zosadyedwa. Mphunzitsi asawadule mau, pakuti kusankha kuli konse kumene mwana atha kukuikira kumbuyo ndi ciyambi ca sayansi. Pambuyo pace apereke muyeso umodzi wa onse: cinthu ciri conse ciikidwe m'kapu, kenaka m'mbale, kenaka m'cikho, ndipo ana aone ngati cisintha maonekedwe ace. Mwala ukhala momwemo kuli konse. Madzi atenga maonekedwe a ciwiya cimene alimo, koma kuculuka kwao sikusintha.

Apa ndi pamene msampha woyamba wa mau uonekera. Kumudzi cinthu colimba ndi cimene cibvuta kuthyola kapena kuswa, monga mpini wa khasu kapena mtondo. Tsono mwana akauzidwa kuti thonje, nsaru ndi tsamba ziri m'gulu la zolimba, mtima wace ukana, ngakhale pakamwa abvomere. Mphunzitsi anene poyera kuti pa phunziroli liuli lapatsidwa nchito ina: colimba ndico cinthu cosunga maonekedwe ace ceni, cingakhale cofewa ngati thonje. Kufewa ndi kuuma, kupindika ndi kuthyoka, kusalala ndi kukakala, ndi makhalidwe ena oyenera kuyesedwa pa okha. Mwa citsanzo, ana ayese kukanda coko, sopo, njerwa ndi galasi ndi cikhadabo, kenaka ndi msomali, nazindandalika kuyambira cofewetsa kufikira coumitsa.

Ufa ndi mcenga zidzautsa mkangano, ndipo ndi mkangano wabwino. Izo zithiridwa ngati madzi, nizitenga maonekedwe a kapu. Mphunzitsi asaweruze msanga, koma auze ana kuti athire ufa pa mbale, ndi madzi pa mbale yina. Ufa upanga mulu. Madzi sapanga mulu. Kenaka ayang'ane kambeu kamodzi ka mcenga, ndipo botolo loyera lodzaza madzi likulitsa zinthu mokwanira pa nchito imeneyi. Adzaona kuti kambeu kali konse ndi kamwala kosunga maonekedwe ace, ndi kuti cimene ciyenderera ndi khamu la timiyala, osati mwala weni weniwo.

Ana a makalasi apamwamba angauzidwe cifukwa ca kusiyanaku, monga momwe John Dalton anayamba kulongosolera m'buku lace la 1808: zinthu zonse nzopangidwa ndi tizidutswa tating'ono ting'ono tosaoneka ndi maso. M'colimba tizidutswato tagwirana, tingonjenjemera pamalo pao. M'camadzimadzi tikhudzanabe koma tipitirirana. Mu mpweya tatalikirana, tithamangira mbali zonse. Ana atha kusewera fanizoli pabwalo: poyamba aima mothithikana atakolana mikono, kenaka amasulana nayenda akukhulana mapewa, potsiriza amwazikana bwalo lonse. Koma awuzidwe kuti ili ndi fanizo cabe.

BOTOLO LOPANDA KANTHU

Gulu lacitatu ndilo lobvuta, popeza silioneka. Liu lakuti mpweya mwana alidziwa monga cimene munthu apuma, ndipo lakuti mphepo monga cimene cigwedeza mitengo. Motero iye aganiza kuti mpweya ulipo pokha pokha pamene cinthu cipuma kapena kuomba, ndi kuti m'cipinda ca bata mulibe kanthu. Zoyesa zitatu zicotsa ganizoli.

Coyamba: mwana akwinye pepala, alikanikizire pansi pa kapu, atembenuze kapuyo ndi kuimiza cozondoka m'ndowa ya madzi. Akaitulutsa osaipendeketsa, pepala liri louma. Asanacite, anzace anene cimene ayembekeza. Atacita, afunsidwe cimene caletsa madzi kulowa. Caciwiri: amizenso kapuyo naipendeketse pang'ono, ndipo cimene cinali m'kati cidzatuluka m'mathobvu, madzi nalowa pa malo pace. Cacitatu: atseke kukamwa kwa pampu ya njinga ndi cala nakankhe, mpweya udzapanikizika pang'ono, kenaka udzakana, ndipo akasiya, mpini ubwerera wokha. Madzi otsekeredwa motero sakanalola kupanikizika.

Mpweya ulinso ndi kulemera. Lita imodzi ya mpweya ilemera pafupi fupi galamu 1.2 m'mbali mwa nyanja ya mcere, ndipo icepako ku malo okwera. Ciwerengeroci nca cabe m'makutu a mwana kufikira mphunzitsi acisandutsa cinthu cimene mwanayo acidziwa. Kalasi la mamita 8 m'litali, 7 m'lifupi ndi 3 kutalika kwace lisunga malita 168,000, ndipo mpweya wa m'menemo ulemera koposa matumba atatu a cimanga a makilogalamu 50 liri lonse.

Pali coyesa cimodzi cimene mphunzitsi acenjere naco. Kandulo iimikidwa m'mbale ya madzi, ibvundikiridwa ndi botolo, moto uzima, madzi nakwera. Ndipo mabuku ena anena kuti madziwo alowa pa malo a okosijeni amene wapsa. Nzoona kuti okosijeni ndi magawo 21 mwa magawo 100 a mpweya, koma coyesaci sicitsimikiza zimenezo iai. Moto uzima okosijeni asanathe, ndipo cikweza madzi makamaka ndi cakuti mpweya wotenthedwa uja ukazirala ucepa. Woyatsa makandulo atatu m'malo mwa imodzi adzaona madzi akukwera koposa, ngakhale mpweya wa m'botolo unali womwewo. Coyesa cimene cionetsa cinthu cosangalatsa ndi cifukwa colakwika ciononga koposa kusayesa konse.

LIU LIMODZI, ZOCITIKA ZIWIRI

Msampha waukulu wa phunziro lonse uli pa liu lakuti kusungunuka. Phula likaikidwa pa moto lisungunuka. Mcere ukathiridwa m'madzi usungunukanso. Cicewa cinena zonse ziwiri ndi liu limodzi, pamene Cingerezi ciri ndi awiri, melt ndi dissolve. Mwana womva liu limodzi aganiza kuti cocitika ncimodzi, ndipo akafika poyankha mayeso asokoneza mau a Cingerezi aja, osati cifukwa ca ulesi koma cifukwa palibe anamuonetsa kusiyana kwace.

Kusiyanako nkumeneku. Phula lisungunuka liri lokha. Cofunika ndi kutentha basi, ndipo phula la njuci lifuna madigiri pafupi fupi 63 pa muyeso wa Celsius. Likazirala liundananso, nilikhala phula lomwe lija. Mcere m'madzi suli wokha. Madzi ndiwo alekanitsa tizidutswa tace natimwaza pakati pa tizidutswa tao, ndipo izi zicitika ngakhale m'madzi ozizira a m'mtsuko. Kuti mcere usungunuke monga phula, wokha wopanda madzi, ufuna madigiri 801, kutentha kumene mphika wa ndiwo sufikako. Mphunzitsi acite zonse ziwiri pa tsiku limodzi, pa gome limodzi: cidutswa ca kandulo m'cibekete coikidwa m'madzi otentha, ndi supuni ya mcere m'kapu ya madzi ozizira. Kenaka asinthanitse: kandulo m'madzi ozizira, ndi mcere wouma pa ciwaya cotentha. Palibe cimene cidzasungunuka. Ataona zimenezi, kalasi lipangane mau olekanitsira, monga "kusungunuka ndi kutentha" ndi "kusungunuka m'madzi," ndipo mauwa asungidwe caka conse osasintha. Pamenepo mau a Cingerezi akabwera apeza malo ao okonzeka.

Funso lija la mcere wa m'ndiwo liyankhidwa ndi sikelo. Ndodo yoongoka yomangidwa cingwe pakati, ndi zibekete ziwiri zofanana zopacikidwa ku mapeto, ikwanira. M'cibekete ciri conse muikidwe kapu ya madzi ndi mcere wokulunga m'kapepala pambali pace, mpaka ndodo iime molingana. Tsono mcere wa mbali imodzi uthiridwe m'madzi ndi kubvundulidwa, kapepala nkubwezedwa m'cibekete. Ana ambiri adzalosera kuti mbali imeneyo ipepuka, popeza mcere wasowa. Koma ndodo idzaima monga kale. Ici ndico coonadi cimene Antoine Lavoisier wa ku France anacilemba momveka m'caka ca 1789, kuti cinthu cisintha maonekedwe koma sicitayika. Madziwo akathiridwa pa mbale ya citsulo ndi kusiyidwa pa dzuwa, pakapita tsiku limodzi kapena awiri mcere udzaoneka woyera pa mbalepo.

Ana ayesenso kuti madzi alandira mcere wotani asanakane. Mamililita 100 a madzi asungunula magalamu pafupi fupi 36 a mcere, ndipo wotsala ukhala pansi ngakhale aubvundule mpaka madzulo. Koma madzi omwewo alandira magalamu pafupi fupi 200 a shuga. Ayesenso ufa, dothi ndi mafuta, kuti aone kuti kusakaniza konse si kusungunuka: ufa udetsa madzi nudikha pansi, mafuta ayandama pamwamba, koma madzi a mcere akhala oyera mbee.

Pa mutu umenewu mudzi uli ndi aphunzitsi ace. Mai wokonza cidulo ca therere aika phulusa m'ciwiya coboola pansi, athira madzi, nalandira odontha. Zosungunuka zapita ndi madzi, zosasungunuka zatsala. Anthu a m'cigwa ca Shire ndi a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ankapanga mcere ndi njira yomweyo kucokera ku dothi la mcere, naphika madziwo mpaka aphwe. Licero lilekanitsa gaga ndi mphale potsata kulemera. Sefa ilekanitsa potsata kukula. Mwana akazindikira kuti cimene agogo ace acita pa mtondo ciri ndi dzina m'buku, nzeru ziwiri zija zayamba kukomana.

ULENDO WA MADZI

Madzi ndiwo cinthu cokha cimene mwana angacione m'magulu onse atatu popanda bvuto. Madzi oundana agulidwa kumene kuli firiji, ndipo nthawi ya mvula matalala agwa okha. Mphunzitsi aike madzi oundana m'botolo louma kunja, nalitseke. Posacedwa kunja kwa botolo kudzanyowa, ndipo ana adzati botolo likutuluka thukuta kapena likudontha. Ngati madzi a m'kati anathiridwa inki asanaunditsidwe, nsaru yoyera yopukutira kunja idzaonetsa kuti madonthowo alibe mtundu. Sanacokere m'kati, koma mu mpweya wa m'cipindamo. Mame a m'mawa pa udzu abwera ndi njira yomweyo.

Liu lakuti nthunzi lifunanso kusamala. Kumudzi nthunzi ndi cija coyera cimene cioneka pamwamba pa mphika. Koma woyang'anitsitsa pa kamwa la ketulo yowira adzaona kampata koyera ngati mulibe kanthu, ndipo mtambo woyera uyamba patsogolo pace. M'kampatako ndimo muli madzi osanduka mpweya, osaoneka. Mtambowo ndi timadontho tamadzi timene tabwerera kale titakomana ndi mpweya wozizira. Cibvundikiro cozizira cikagwiridwa pa mtambowo cisonkhanitsa madontho, ndipo ngakhale m'ketulo mukhale madzi a mcere, madonthowo alibe mcere. Ophika kacasu adziwa nzeru imeneyi, pakuti cimene ciledzeretsa mu mowa ciwira pa madigiri 78, madzi asanawire, ndipo mpope wao upyola m'madzi ozizira kuti cibwerere ku madontho. Mtsuko wa dothi nao uziziritsa madzi cifukwa ena apyola m'timaenje tace nauma kunja, ndipo madzi pouma atenga kutentha.

Buku linena kuti madzi awira pa madigiri 100. Mphunzitsi wokhala ndi mwai wa kacipangizo koyesera kutentha adzadabwa kuona kuti madzi ace awira asanafike pamenepo, ndipo ena afika pouza ana kuti kacipangizoko nkoonongeka, kapena kuwalembetsa 100 m'makope pamene maso ao aona 95. Ici ncoipa cacikulu, pakuti ciphunzitsa mwana kukana maso ace. Ciwerengero ca 100 ncoona pa malo otsika olingana ndi nyanja ya mcere. Munthu akakwera mamita 300 ali onse, mpweya womkanikiza ucepa, ndipo madzi awira msanga ndi digiri imodzi kapena pafupi pamenepo. Ku Nsanje adzafika pafupi ndi 100. Ku Dedza adzawira ca pa 95. Pamwamba pa Sapitwa, pa mamita 3,002, adzawira ca pa 90. Ncifukwa cace nyemba zicedwa kupsa ku mapiri.

KUMIRA NDI KUYANDAMA

Ana akafunsidwa cimene cimiza zinthu, ayankha onse kuti kulemera. Mphunzitsi atenge singano ndi cipika ca nkhuni, apatse mwana kuti anene colemera, naponye zonse m'beseni. Singano yopepukayo imira, cipika ciyandama. Ena adzati tsono mitengo yonse iyandama. Apa kacidutswa ka phingo, kopempha kwa osema ziboliboli, kathandiza, pakuti phingo ndi mtengo womira.

Liu lakuti kulemera silikwanira pa lokha. Pafunika kunena kulemera kwa zinthu za msinkhu wofanana. Mabokosi a macesi ofanana adzazidwe, lina ndi mcenga, lina ndi utuci, lina ndi thonje, ndipo ana awayese pa sikelo ija. Lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi. Mafuta ophikira a muyeso womwewo alemera magalamu pafupi fupi 920. Citsulo ca msinkhu womwewo cilemera makilogalamu pafupi fupi 7.8. Colemera koposa madzi a msinkhu wace cimira, copepuka ciyandama. Madzi akaundana afufuma ndi magawo pafupi fupi 9 mwa 100, ndipo ncifukwa cace oundanawo ayandama pa anzao. Dzira latsopano limira m'madzi wamba, koma likwera pamwamba mcere ukaculuka, popeza madziwo ndiwo alemera tsopano.

Mwana wocenjera sadzalephera kufunsa za sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanja ya Malawi m'caka ca 1951: nanga iyo, yacitsulo, iyandama bwanji? Yankho liri m'kacitsekero kacitsulo ka botolo. Kakaikidwa pa madzi kukamwa kuli m'mwamba kayandama, ndipo ana atha kuwerenga mbeu za cimanga zimene kanyamula kasanamire. Kakaphwanyidwa ndi mwala nkupindidwa, kamira pomwepo, ngakhale citsulo ndi comwe cija. Cinthu m'madzi cikankhidwa m'mwamba ndi mphamvu yolingana ndi kulemera kwa madzi amene cawacotsa pa malo pao, monga anapezera Archimedes wa ku Syracuse, amene anafa m'caka ca 212 Kristu asanabadwe. Comwe mmisiri wa bwato acita posema m'kati mwa mtengo ndico kucepetsa kulemera osacepetsa msinkhu.

KAYENDETSEDWE KA PHUNZIRO

Zonsezi zitheka ngakhale m'kalasi la ana ambiri, koma zifuna dongosolo. Mphunzitsi ayese yekha coyesa ciri conse dzulo lace, ndi ziwiya zomwezo zimene ana adzagwira. Pakuti kapu yina ipendekeka msanga, ndi sikelo yina ikana kulingana, ndipo nkwabwino kudziwa zimenezi ana asanaunjikane. Zipangizo zisonkhanitsidwe ndi ana eni ace sabata yathunthu, nizisungidwe m'katoni yolembedwa dzina la phunziro, kuti caka camawa asayambenso pa ciyambi. Zoyesa za madzi zicitikire pabwalo pansi pa mtengo. Gulu liri lonse likhale ndi wogwira, wolemba ndi wonena, ndipo maudindowa azisinthana, kuti atsikana ndi ana amanyazi asamangoonerera anzao; mutu umodzi susenza denga.

Moto ndi madzi owira zikhale m'manja mwa mphunzitsi yekha, ana atakhala patali pang'ono. Botolo lotseka lisaikidwe pa moto konse. Mwana asalawe kanthu popanda cilolezo, ndipo colawa cikhale m'ciwiya cotsuka ca kunyumba, pakuti safunsa anadya phula.

Coposa zonse ndi kafunsidwe. Phunziro liri lonse liyende masitepe anai: ana alosere cimene cidzacitika, acite, anene cimene aona, ndipo potsiriza afune cifukwa cace. Kulosera kusadumphidwe, popeza ndiko kutulutsa ganizo limene mwana wabwera nalo; ganizo losatuluka silikonzeka. Mafunso akhale otumiza mwana ku cinthu, monga "Nanga tikaonjeza mcere cidzacitika nciani?" osati omtumiza ku nkhope ya mphunzitsi kukafuna yankho. Mphunzitsi aphunzire kukhala cete kamphindi atafunsa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Coyesa cikakanika asacite manyazi kapena kubisa, koma afunse ana cimene calakwika, pakuti pomwepo pali phunziro lina.

Za cinenero, malamulo asintha nthawi ndi nthawi. M'caka ca 1968 Cinyanja cinachedwa Cicewa nicikhala cinenero ca pfuko, ndipo Lamulo la Maphunziro la 2013 linaika Cingerezi kukhala cinenero cophunzitsira. Koma lamulo liri lonse lipeza mwana akuganiza m'cinenero ca kwao. Pa gulu, ana aloledwe kukangana m'cinenero cimene atha kukanganiramo, ndipo liu la m'buku libwere pambuyo, cinthu citaoneka kale. Kumene ana alankhula Ciyao, Citumbuka, Cilomwe kapena Cisena, mphunzitsi awafunse mau ao a kusungunuka, kuuma ndi kulemera, naone ngati misampha iri pa malo omwewo. Wophunzira uphunzitsi ali yense acita bwino kusunga kope la mau otere pa nthawi yoyesera kuphunzitsa, kulembamo liu, zimene ana alitanthauzira, ndi coyesa cimene cinathandiza kulekanitsa matanthauzo ace. Makope amenewa akasonkhanitsidwa pa koleji caka ndi caka adzakhala cuma ca odzabwera m'mbuyo.

Poyesa ngati phunziro lagwira, mphunzitsi asafunse maina a magulu atatu aja okha, pakuti amenewo mwana anawaloweza tsiku loyamba. Ampatse cinthu cimene sanaciyese m'kalasi, monga mcere wosakanizika ndi mcenga, namfunse momwe angapezere mcere woyera. Mwana akapempha madzi, kansaru kosefera ndi mbale yoika pa dzuwa, ndiye kuti wadziwa kumene unapita mcere wa m'ndiwo za amai ace.